Chenjezo: Mankhwala a Galu, a Ng'ombe ndi a Chimanga Asafike pa Mphaka

Ngati muli ndi mphaka pakhomo, imvani izi musanagule mankhwala aliwonse a utitiri kapena nkhupakupa: mankhwala amene amathandiza galu wanu atha kupha mphaka wanu usiku umodzi wokha. Dzina loti muliloweze pamtima ndi permethrin. Mukaliona pa botolo, pa paketi kapena pa kachubu kodonthezera pakhosi, mankhwalawo asakhudze mphaka, ngakhale kadontho kamodzi.

Ambiri amene amapha amphaka awo motere si anthu ankhanza. Ndi anthu achifundo, amene aona chiweto chikudzikanda usiku wonse mpaka ubweya kuthothoka, ndiye akuti tichithandize. Amatenga zotsala za galu n'kunena kuti, "Tingochepetsa pang'ono, poti uyu ndi wamng'ono." Vuto lagona apo. Mphaka si galu wamng'ono. Chiwindi cha galu, monganso cha munthu, chimatha kuphwanya permethrin n'kumutulutsa m'thupi, koma cha mphaka chimaperewera kwambiri mphamvu imeneyi. Poizoniyo amangounjikana m'thupi mpaka kusokoneza ubongo ndi mitsempha. Machubu ambiri odonthezera agalu amakhala ndi permethrin wochuluka zedi, kuyambira magawo 45 mpaka 65 pa 100 aliwonse, choncho palibe mlingo wochepa umene mungati uwu ndi wabwino kwa mphaka.

Ukhondo wa mphaka umawonjezeranso ngoziyi. Chilichonse chimene chagwera pa ubweya wake amachinyambita, ndiye mankhwala opaka kunja amathera m'mimba. Ngakhale simunamupake iyeyo, akhoza kudwala chifukwa chogona mokhudzana ndi galu amene wangodonthezedwa kumene, kapena kumunyambita pakhosi posewera. Mukapaka galu, muwalekanitse kwa masiku atatu, ndipo asagonere chiguduli chimodzi.

Izi si zongoopseza. Mu 2007, bungwe la Veterinary Poisons Information Service la ku London lidatulutsa zotsatira za amphaka 286 amene adakhudzidwa ndi permethrin wodonthezera. Pafupifupi onse adadwala, ambiri mwa iwo adanjenjemera kapena kukomoka, ndipo mmodzi mwa khumi aliwonse adafa. Kumbukirani kuti kumeneko ndi ku Britain, kumene chipatala cha ziweto chimapezeka pafupi ndi nyumba, usana ndi usiku. Ku America nakonso, madandaulo atachuluka mu 2008, bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA lidalengeza mu 2010 kuti malebulo a mankhwala odonthezerawa alembedwe momveka bwino, kuti a galu asamasokonezedwe ndi a mphaka. Nanga kwathu kuno, kumene a vetenale amakhala kuboma, mtunda wautali wa panjinga?

Ndipo kwa ife ngozi yaikulu siili m'machubu okwera mtengo aja, koma mu zimene zili kale pakhomo. Dipi wa ng'ombe ndi mbuzi, makamaka wokhala ndi amitraz kapena cypermethrin, adapangidwira nyama zazikulu. Kusambitsa naye mphaka ndi kumukumbira manda. Ufa wothira m'chimanga poteteza anankafumbwe ndi woopsanso: Actellic Super ali ndi permethrin yemweyo, pamodzi ndi pirimiphos-methyl. Ena amawaza ufa woterewu pamsana pa mphaka kapena pamalo pake pogona, osadziwa kuti madzulo aunyambita wonse. Ena amapopera mphaka mankhwala a udzudzu ndi mphemvu, ena amamupaka parafini kapena oyilo wakutha wa galimoto. Zonsezi zimawotcha khungu, zimawononga mapapo ndi chiwindi, ndipo zimapha. Musanyengekenso ndi mawu akuti "zachilengedwe". Madzi a fodya, ombwe ndi mafuta a tea tree amapha tizilombo chifukwa ndi poizoni, ndipo mphaka samulekerera.

Pitani pamsika uliwonse tsiku la msika, mukapeza tebulo la mankhwala: timabotolo ta zakumwa todzaza madzi oyera ngati mkaka, timapepala tomangamo ufa, zonse zopanda dzina, pambali pake pali tameki wa makoswe. Mukafunsa, yankho lake ndi limodzi: "Awa bwana ndi amphamvu, amapha zonse. Utitiri, nsikidzi, nkhupakupa, zonse." Wogulitsayo sakunama. Amaphadi zonse, ndi mphaka yemwe. Mankhwala opanda lebulo musagule, chifukwa chiweto chikadwala ngakhale dokotala sadziwa chimene akulimbana nacho.

Zizindikiro zimayamba pakangopita maola ochepa, ngakhale nthawi zina zimachedwa mpaka masiku atatu. Poyamba makutu amagwedera okha, ndevu zimanjenjemera, khungu la pamsana limachita tsemwe, ndipo mphaka amakutumula miyendo ngati waponda madzi. Kenako dovu limatuluka, maso amatong'oka, amayenda dzandidzandi, ndipo kaphokoso kakang'ono kamamudzidzimutsa. Zikafika poipa amagwa chagada, thupi kuuma gwa, n'kumaphupha kosalekeza, thupi litatentha kwambiri. Apa m'pamene anthu ambiri amakuwa kuti ndi chiwewe, ena n'kuyamba nkhani za ufiti, mphakayo n'kuphedwa ndi miyala. Dzifunseni kaye: kodi dzulo kapena lero mwapaka chiyani mphakayu, galu, kapena m'nyumba? Komabe chiwewe si masewera. Musamugwire ndi manja osavala kanthu, ana atalikire, ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa atsuke balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala.

Mukazindikira kuti mwapaka mankhwala olakwika, musadikire zizindikiro. Mufunditseni thaulo, mumusambitse ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, mutsukuluze bwinobwino n'kumupukuta mpaka aume. Madzi otentha amathandiza poizoni kulowa msanga pakhungu, ozizira amawonjezera kunjenjemera. Ngati wayamba kale kuphupha, musalimbane ndi zomusambitsa. Mukulungeni, mumuike m'katoni pamalo opanda phokoso, n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, mutatenga botolo kapena paketi ya mankhwalawo. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere, chifukwa akhoza kutsamwa. Panado ndiye musayerekeze dala: chiwindi chomwe chija sichitha kumuphwanya, ndipo mbulu umodzi ndi wokwanira kupha mphaka. Permethrin alibe mankhwala omuthetsa mwachindunji, koma dokotala amaletsa kunjenjemera ndi kukomoka ndi mankhwala monga methocarbamol ndi diazepam, amaika diripi, ndipo amphaka ambiri ofika msanga amachira pakatha masiku awiri kapena atatu. Ku Lilongwe kuli a LSPCA, ku Blantyre kuli a BSPCA, ndipo m'maboma muli maofesi a zaulimi okhala ndi alangizi a ziweto. Sungani nambala ya amene ali pafupi nanu lero, ngozi isanachitike.

Ngakhale mankhwala olembedwa kuti ndi a mphaka, monga okhala ndi fipronil, imidacloprid kapena selamectin, amafuna kusamala. Mlingo umatsata kulemera kwa mphaka, ndiye mukwezeni pa sikelo, osangoyerekeza ndi maso. Odonthezera ambiri saloledwa pa ana amphaka osakwana masabata asanu ndi atatu. Patulani ubweya kumbuyo kwa mutu, pamene lilime silifika, mudonthezere pakhungu penipeni. Osaphatikiza mitundu iwiri nthawi imodzi, osabwereza nthawi yolembedwa isanakwane, ndipo mphaka wodwala, wokalamba, wa bere kapena woyamwitsa aonedwe kaye ndi dokotala. Mu 2018, bungwe la FDA ku America lidachenjeza kuti mankhwala atsopano a gulu la isoxazoline, monga fluralaner, amachititsa agalu ndi amphaka ena kunjenjemera, kudzandira kapena kukomoka, ngakhale ambiri amawalandira bwino. Ngati mphaka wanu adakomokapo, muuzeni dokotala asanakupatseni mankhwala. Safunsa adadya phula.

Sitikunena kuti utitiri muusiye. Umayamwa magazi mpaka kupha ana amphaka, umafalitsa njoka za m'mimba, ndipo utitiri wa makoswe ndi umene umafalitsa mliri wa plague, womwe udagwa ku Nsanje mu 2002. Koma dziwani kuti umene mukuuona pa mphaka ndi wochepa chabe. Utitiri waukazi umodzi umatha kuikira mazira mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo amagwera pansi n'kukaswa m'fumbi, m'ming'alu ya pansi, m'mphasa ndi m'ziguduli. Nkhondo yeniyeni ili pamenepo. Sesani pafupipafupi n'kutentha zinyalalazo, chapani zogonera za ziweto ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa, zirani ming'alu, ndipo pesani mphaka ndi chipeso cha mano othinana, n'kumaviika chipesocho m'madzi a sopo. Nkhupakupa igwireni pafupi ndi khungu ndi kachopanira, muikoke pang'onopang'ono osaifinya.

Ogulitsa mankhwala a ziweto ndi zipangizo zaulimi, udindo wina ndi wanu. Wogula akati akufuna mankhwala a utitiri, mufunseni kuti ndi a chiweto chanji, komanso ngati pakhomo pali mphaka. A Pesticides Control Board, amene lamulo lidawapatsa mphamvu yolembetsa ndi kuyang'anira mankhwala ophera tizilombo m'dziko muno, alimbane ndi malonda a mankhwala otsanulira m'timabotolo topanda dzina, ndipo aonetsetse kuti chenjezo lokhudza amphaka likulembedwa m'Chichewa, m'zilembo zazikulu, kutsogolo kwa paketi. Chenjezo la m'Chingerezi, lobisika m'tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa botolo, silifika kwa mayi wa kumudzi amene amadalira mphaka wake kuti makoswe asamalize chimanga.