Boti la Matanga ku Chembe: Kukwera Kulibe Mlandu, Koma Tikwere Motani?



M'kope lino tikufuna tikambirane nkhani imene makolo angapo akhala akutifunsa tikatuluka mu Swala ya Jumu'a. Nkhani yake ndi ya maulendo a masana a pa boti la matanga, amene alendo amakwera ku Cape Maclear kukazungulira zilumba, kusambira ndi kuchita masewera a m'madzi. Mafunso ake alipo awiri. Loyamba likuchokera kwa abale athu ogwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, amene akabwera kumudzi pa Idi amafuna kusangalatsa ana: kodi banja la Chisilamu lingakwere nawo? Lachiwiri likuchokera kwa makolo amene anyamata awo apeza ganyu pa mabotiwa: kodi ndalama yake ndi ya halali?

Botili ndi lotani?

Boti limene tikunenali eni ake amalitcha catamaran. Taganizani mabwato awiri aatali ogonekedwa moyang'anana, kenaka n'kuyala pamwamba pake bwalo lathyathyathya lowalumikiza. Pakati pamaima mlongoti wonyamula matanga, ndipo kumbuyo kumakhala injini yothandiza mphepo ikaleka. Popeza laponda pawiri, silipendekeka ngati bwato lathu la mtengo umodzi, n'chifukwa chake alendo oopa madzi amalikonda.

Ulendo wake umayamba dzuwa litapendeka. Boti limachoka pa gombe la mudzi wa Chembe kulowera ku chilumba cha Thumbi kapena cha Domwe. Likafika pamalo odikha mphepo amaponya nangula, ndipo anthu amavala magalasi a m'madzi ndi kapaipi kopumira kuti aone mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timakhala m'miyala. Ena amapalasa timabwato tapulasitiki totchedwa kayak. Pobwerera, anyamata a m'boti amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika pamtengo kudzaitola. Amafika pagombe dzuwa likulowa.

Pa zonse tatchulazi palibe chimene chili haramu pachokha. Qur'an yolemekezeka imatchula nyanja ndi zombo zoyenda pamwamba pake pakati pa mitendere imene Allah anatipatsa, ndipo imatiuza kuti tiziyang'ana zolengedwa zake ndi kulingalira. Makolo athu ankaoloka nyanja yomweyi pa madau a matanga kale mabotiwa asanafike. Kwanenedwanso kuti Khalifa Umar (R.A.) analimbikitsa Asilamu kuphunzitsa ana awo kusambira. Choncho amene akuti Msilamu asakwere konse akuletsa chimene Allah sanaletse. Koma amene akuti tingokwera monga akwerera wina aliyense nayenso akulakwitsa. Pali zinthu zisanu zofunika kuzikonza tisanaponde m'boti.

Choyamba: Swala

Nthawi ya ulendowu ndi nthawi ya Asr. Boti likanyamuka cha m'ma 2 koloko n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye kuti Asr yonse yalowa ndi kutha tili pamadzi. Ena amadzinamiza kuti ali pa ulendo, choncho aphatikiza kapena kuchepetsa Swala. Ayi ndithu. Malinga ndi madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, ulendo wololeza zimenezi ndi wa makilomita pafupifupi 80. Chilumba cha Thumbi timachiona ndi maso tili chiimire pamchenga wa ku Chembe.

Njira yake njosavuta. Swalini Dhuhr pamtunda musananyamuke. Asr ikakwana, tengani udhu ndi madzi a m'nyanja, pakuti ndi oyera ndiponso oyeretsa. Swalini pabwalo la botilo nthawi imene laponya nangula, kapena pemphani woyendetsa akutsitseni pagombe la chilumba. Swala ya faradhi imafunika kuimirira, ndipo munthu amaloledwa kukhala pansi pokhapokha ngati mafunde kapena chizungulire zingamugwetse. Pa boti la mabwato awiri, nyanja ili bata, kuimirira sikuvuta. Qibla ya kuno kwathu ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, kotero kuti kolowera dzuwa kukhale kudzanja lanu lamanzere. Boti likatembenuka ndi mphepo muli pa Swala, inunso tembenukani kuti musaisiye Qibla. Ndipo muuzeni woyendetsa kuti mukufuna kufika pagombe nthawi ya Maghrib isanathe, chifukwa nthawi yake njaifupi.

Chachiwiri: mowa ndi chakudya

Apa ndiye pagona nkhani. Kwa alendo ambiri, kuonerera kulowa kwa dzuwa kumayendera limodzi ndi botolo m'manja, ndipo kawirikawiri zakumwazo zimawerengeredwa mu mtengo wa ulendo. Hadisi za Mtumiki (S.A.W.) zinaletsa Msilamu kukhala pamphasa pamene mowa ukuzungulira. Ku hotela munthu akhoza kudzuka n'kusintha tebulo. Nanga pakati pa nyanja mudzasamukira kuti? Mudzakhala pomwepo maola atatu, ana anu akuonerera.

Malangizo athu ndi akuti mabanja atatu kapena anayi asonkherane n'kubwereka boti lonse. Mukatero muli ndi mphamvu youza mwini wake, musanalipire, kuti mowa usakwere. Wamalonda amafuna kasitomala, ndipo pempho lotere silimuluzitsa kanthu. Funsaninso za ndiwo. Nyama imene simukudziwa amene anazinga isiyeni. Kampango ndi chambo sizifuna kuzinga, ndipo mpunga wa pakhomo ukhoza kukwera nawo m'poto. Safunsa anadya phula.

Chachitatu: kavalidwe

Madzi sachotsa lamulo la kubisa thupi. Mwamuna abise kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo, ndiye kuti kabudula wampira sakwanira. Mayi ndi mtsikana wotha msinkhu avale buluku lotaya, malaya aatali a nsalu yopepuka yosamatirira thupi ikanyowa, ndi mpango womangidwa bwino. Pano tichenjeze alongo athu: musalowe m'madzi akuya ndi chitenje kapena mkanjo wofika kumapazi. Nsalu yotere ikamwa madzi imalemera n'kukulunga miyendo, ndipo ikhoza kumiza ngakhale munthu wodziwa kusambira.

Boti likakhala la inu nokha, kugawa malo sikuvuta. Amayi asambire nthawi yawo, abambo atapalasa kayak kapena atatsikira pachilumba, kutsala amuna awo kapena alongo awo owayang'anira. Za alendo amene tingakumane nawo atavala mwa kwawo, ntchito yathu ndi kutsitsa maso. Kuwatukwana kapena kuwaseka si khalidwe la Msilamu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri ya mmene tinamulandirira amapita nayo kwawo.

Chachinayi: moyo

Ife a kunyanja tili ndi matenda amodzi, ndiwo kuizolowera. Timati tinabadwira pompano, madzi atidziwa. Koma ndi mudzi uti wa m'mbali mwa nyanja umene sunaikepo maliro a munthu womira? Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo ndiponso yatsopano, inamira kumpoto kwa nyanjayi pa mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Nyanja yathu kumpotoko imazama mamita 700. Ngakhale kuno kum'mwera, m'mbali mwa zilumba miyala imatsetsereka mwadzidzidzi, mwana n'kupezeka phazi silikugunda pansi. Boti la mabwato awiri siligubuduzika msanga, koma likagubuduzika silidzukanso lokha.

Choncho musanakwere werengani majekete oyandamitsa. Akhale okwanira aliyense, ndipo a ana akhale a msinkhu wawo. Mwana avale jekete kuyambira pagombe mpaka kubwerera, osati kulikhalira ngati mtsamiro. Musalole kuti chiwerengero cha anthu chipitirire chimene botilo linaloledwa. Munthu asalowe m'madzi injini isanazime. Wamkulu mmodzi asasambire, ntchito yake ikhale kuwerenga mitu ya ana. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba mwamphamvu, ndipo nthawi ya dzinja mpoto ndi mvula ya mabingu zimadza modzidzimutsa. Woyendetsa akanena kuti lero nyanja yakwiya, musamukakamize chifukwa choti mwalipira kale. Pewaninso kusambira m'mabango, pamathiriro a mitsinje ndiponso kukayamba mdima, chifukwa ng'ona ndi mvuu sizinasamuke.

Wina adzati imfa ili m'manja mwa Allah, jekete n'lachiyani? Zoona, nthawi ya aliyense inalembedwa. Koma Mtumiki (S.A.W.) analangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenaka ayadzamire kwa Allah. Jekete ndiye chingwe cha ngamirayo. Ana ndi amana imene tidzafunsidwa.

Chachisanu: likodzo ndi ukhondo wa nyanja

Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Wodwala akakodza m'madzi, mazira ake amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono. M'menemo timachulukana, n'kutuluka kudzaboola khungu la wosamba. Ku Chembe matendawa ndi odziwika. Akatswiri amene anafufuza kumeneko anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, nkhono zinachuluka, likodzo n'kukula. Taonani mmene kuononga cholengedwa chimodzi kumabwerera kwa ife eni.

Chisilamu chinaletsa kale kukodza m'madzi odikha amene anthu amasambamo. Tiwaphunzitse ana zimenezi monga gawo la twahara. Mwana akamakodza magazi si chizindikiro chakuti wakula, ndi matenda, ndipo akalekereredwa amaononga chikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ake ndi praziquantel. Abale ochokera m'tauni akasamba m'nyanja apite kuchipatala patatha masabata 6 mpaka 8, chifukwa mankhwalawa sagwira bwino tinyongolotsi tikadali tating'ono.

Tikumbukenso kuti zilumbazi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la zilumbazi n'koletsedwa. Lipirani ndalama yolowera, musatenge mbuna, ndipo mapepala ndi mabotolo mubwerere nawo kumtunda.

Nanga mnyamata wa ganyu?

Kuyendetsa boti, kukweza matanga, kuponya nangula, kuotcha nsomba, kulondolera alendo pamene pali mbuna ndi kupulumutsa womira, zonsezi ndi ntchito za halali, ndipo thukuta lake ndi lolemekezeka. Masiku ano utaka sukugwidwa monga kale, choncho sitingauze mnyamata kuti asiye ntchito popanda chifukwa. Malire ali pa mowa. Hadisi yotemberera mowa sinatchule womwa yekha, inatchulanso wogulitsa, wonyamula ndi wothirira ena.

Mnyamata alankhule ndi bwana wake poyera tsiku loyamba: ntchito ina iliyonse ndigwira, koma kreti ya mowa ndi kutsegula mabotolo mupatse wina, ndipo Lachisanu masana mundilole ndikaswali. Wantchito wosamwa, wosaba ndi wosunga nthawi savuta kumumvera, makamaka pa ntchito yosunga miyoyo ya anthu pamadzi. Zikakanika, akaonane ndi Shehe wa pamudzi, ndipo ayambe kufunafuna pena.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ana aang'ono. Ola limene boti limanyamuka ndi lomwe madrasa imayamba. Ife ophunzitsa timaona mphasa zikuchepa ana nyengo ya alendo ikafika. Mwana wa zaka 10 amayamba ndi kunyamulira mlendo chikwama, mawa wayamba kupempha makobidi, mkuja sukulu ndi madrasa zonse wazisiya. Pofika zaka 16 waphunzira chamba ndi zibwenzi za pagombe, kumene Edzi sinachoke. Chingerezi chotola pamchenga sichipatsa munthu setifiketi yoyendetsera boti. Makolo, mwana akabwera ndi ndalama madzulo, funsani kumene waitenga musanagulire ndiwo. Kuongola mtengo ndi uli waung'ono.

Pempho lathu

Tikupempha makomiti a mizikiti ndi madrasa a m'mbali mwa nyanja kuti aganizire zinthu ziwiri. Choyamba, akonze maphunziro a kusambira pamalo osaya ndi oyera, anyamata aziphunzitsidwa ndi abambo, atsikana ndi amayi. Atsikana athu amachapa ndi kutunga m'nyanja tsiku ndi tsiku ndiponso amakwera mabwato, koma ambiri sadziwa kudzipulumutsa. Chachiwiri, kamodzi pachaka, mwina pambuyo pa Idi, makolo asonkhe kangachepe kuti ana amene akhoza bwino ku madrasa akazungulire chilumba pa boti, ndi majekete awo, mpunga wawo ndi mkeka woswalira. Anthu amaoloka nyanja zamchere kudzaona mbuna za ku Thumbi, pamene mwana wobadwira pagombe pomwepo sanaziyang'anepo ndi galasi n'kunena Subhanallah.

Allah atisungire ana athu pamtunda ndi pamadzi, adalitse ntchito za manja athu, ndipo atipatse rizki la halali. Amin. Tikumanenso m'kope likudzali, Insha Allah.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.