Zochokera ku Bolero: Boti Logulidwa ndi Ndalama za Fodya

Owerenga athu ena adabwa poona kuti mwezi uno tikukamba za maboti, ife anthu a ku Nkhamanga amene tinabadwira pakati pa chimanga ndi fodya, ndipo ambiri a ife sitidziwa n'kusambira komwe. Komatu mvula imene imagwa kuno kwathu imatsetserekera mu mtsinje wa Rukuru, nipyola pa Njakwa, nikathira m'nyanja ku Mlowe. Ndipo masiku ano ana athu ndi ndalama zathu zayamba kutsata njira yomweyo. Usipa umene timadyera nsima madzulo umakwera phiri la Chiweta pa galimoto, tsono mlimi akamva mtengo wake pa msika wa pa Bolero amayamba kuwerengera mumtima kuti kapena nyanja ilipira bwino koposa munda.

Mnzathu wina, mlimi wakhama amene ana ake onse anadutsa m'manja mwathu ku sukulu, atagulitsa fodya wake anagula boti la matabwa logwirapo kale ntchito, pamodzi ndi injini ndi ukonde wa chilimira. Cholinga chake chinali chabwino. Mwana wake wachisamba anamaliza Fomu 4 nakhala pakhomo zaka ziwiri wopanda chochita, ndipo bamboyo anafuna kuti mnyamatayo akayang'anire ntchitoyi. Pa tchuthi cha sukulu anatipempha kuti timperekeze kukaona chuma chakecho, ndipo tinatsetsereka naye.

Titafika pa doko, mnyamata uja anatilandira ndi chimwemwe, nayamba kutionetsa zinthu zimene mtima wake unali pamenepo: injini, nyali zamagetsi zoitanira usipa, mabatire awiri, sola yotchajira, ndi foni imene imasonyeza pamene munthu ali pakati pa madzi. Za boti lenilenilo sananene kanthu koma kuti utoto wake ndi watsopano. Tili chiimire, panafika mkulu wina wa pa dokopo, mmisiri wa maboti, amene anapatsa moni mwaulemu napempha chilolezo choti aone matabwa. Anatulutsa kampeni m'thumba, nagwada pa mchenga, nayamba kubaya thabwa lililonse kuyambira kutsogolo. Kutsogoloko kampeni kanali kukana. Atafika kumbuyo, pansi pa thabwa lokolekapo injini, kanalowa ngati kakulowa m'dzungu lophika. Mnzathu uja anakhala pansi osayankhula.

Zimene mmisiriyo anatiphunzitsa tsiku limenelo tifuna tizifotokoze bwino, pakuti makolo ambiri a kumtunda amene akuika ndalama zawo pa nyanja sanazimvepo. Anthu amaganiza kuti popeza nyanja yathu ilibe mchere, thabwa silingaonongeke msanga. Nzoona kuti chitsulo chimachita dzimbiri pang'onopang'ono m'madzi opanda mchere, koma kwa mtengo nkhani ndi ina: nkhungu yoolesa matabwa imakonda madzi otere. Ndipo imayambira malo obisika, pamene matabwa awiri akumana, pa mathero a thabwa, pozungulira msomali, ndi pansi penipeni pamene madzi a mvula ndi mamba a nsomba zimakhalitsa. Thabwa likafewa, msomali sugwiranso. Funde likamenya, mpata umatseguka. Utoto wopakidwa pamwamba pa thabwa loola suchiritsa kanthu, umangobisa matendawo kwa wogula. Sitikunena kuti amene anagulitsa botilo anali ndi mtima wonyenga. Mwina naye anangofuna kuti katundu wake aoneke bwino pa maso. Koma wogula akanapita ndi mmisiri poyamba, mtengo ukanakhala wina.

Dzuwa nalo ndi mdani. Boti likasiyidwa pa mchenga wotentha masiku ambiri, matabwa amafota, mipata nikula, kotero kuti likabwerera m'madzi limamwa ngati dengu. Chifukwa chake amisiri amati boti likokedwere pa mthunzi, ligonekedwe pa mitengo osati pa dothi pamene chiswe chingalipeze, litsukidwe ndi kuumitsidwa bwino, ndipo pamenepo mipata ikhomeredwe thonje kapena chingwe chomasulidwa ndi kumatidwa phula. Thabwa loola lichotsedwe lonse, osaphatikapo chigamba. Matabwa abwino a mlombwa ndi mbawa akusowa ndiponso akudula, ndiye ena akumangira mitengo yofewa imene sikhalitsa. Wogula afunse kuti botilo ndi la mtengo wanji asanafunse za injini. Luso limeneli limaphunzitsidwanso ku sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe ku Mangochi, ndipo mnyamata amene manja ake amakonda ukalipentala angachite bwino kuliganizira.

Nanga nthawi yochitira zonsezi ichokera kuti? Apa mpamene tinaona kuti ntchito ya usipa ili ndi kalendala yakeyake. Usipa umagwidwa usiku wa mdima. Munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali, nsomba nizisonkhana pa kuwalako, ndipo anzake amazunguliza chilimira nakoka. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba, ndipo ambiri amapuma. Ndiye kuti mwezi uliwonse uli ndi masiku ake oti boti likwere kumtunda. Koma masiku omwewo ndi amene anyamata amakhala ndi ndalama m'thumba ndiponso alibe wowayang'anira, ndipo si onse amene amawathera pa phula ndi misomali. Mwini wake ali ku Bolero, akamaimba foni amangofunsa kuti zatuluka ndowa zingati. Sitinamvepo kholo likufunsa kuti boti linatembenuzidwa liti.

Za injini tinena mwachidule, pakuti anyamata amaikonda kale ndipo amaphunzira msanga. Injini zambiri za pa doko ndi zija zosakaniza petulo ndi oyilo, ndipo zambiri zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo. Ndiye kuti pa malita 20 a petulo pafunika mamililita 400 a oyilo. Buku la injiniyo ndilo liri ndi mawu omaliza, koma samu imeneyi ndi ya Sitandade 7, ndipo tinachita manyazi pang'ono poona wophunzira wathu wakale akuthira oyilo mongoyerekeza ndi maso. Injini imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo, amene amatuluka kumbuyo ngati kamtsinje kakang'ono. Kamtsinje kameneko kakaleka, injini izimitsidwe nthawi yomweyo, chifukwa mchenga kapena pulasitiki zatseka njira, kapena kampira kopopa madzi katha. Kuilizira pa mtunda popanda madzi, pofuna kuonetsa alendo kuti imalira bwino, ndiko kumaononga kampira kameneko. Oyilo wa kumunsi kwa pulopela akamaoneka ngati mkaka, madzi alowa, ndipo kawirikawiri chochititsa ndi ulusi wa ukonde umene wakulungika pamenepo nudula chotsekera. Pulagi yapadera, sipanala, chingwe cholizira ndi nkhafi zisatsale pa doko.

Tibwere ku zamagetsi, zimene zasinthadi ntchito ya asodzi. Kale siginala ankanyamula nyali za palafini zopopa, zimene zinkadya ndalama usiku uliwonse ndipo magalasi ake sankachedwa kusweka. Tsopano nyali za batire zafala, ndipo tiyenera kuvomereza kuti ndi zabwino. Koma batire ili ndi malamulo ake. Ikamagwiritsidwa ntchito mpaka kutheratu usiku ndi usiku, moyo wake umafupika. Ikaikidwa pansi pa boti pamene pamayenda madzi, mitu yake imachita zoyera ngati phulusa, mawaya naola. Ifunika bokosi lake, pamalo okwera, lomangidwa kuti lisagubuduke, ndiponso kutali ndi chigubu cha petulo, pakuti kamoto kamodzi kothetheka pa waya nkokwanira.

Mnyamata uja anatiuzanso kuti akufuna kudzagula makina oonera nsomba pansi pa madzi. Makina amenewa amatumiza kulira kupita pansi nawerenga nthawi imene kulirako kwatenga kuti kubwerere. Popeza mawu amayenda pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi imodzi m'madzi, makinawo amadziwa kuya kwa malo ndi pamene pali khamu la nsomba. Ndi nzeru yokoma, ndipo ife aphunzitsi tingakonde kuionetsa m'kalasi. Koma tinamukumbutsa kuti nyanja ya kumpoto kuno ndi yakuya kwambiri, malo ena pafupifupi mamita 700, ndipo kupyola mamita 250 kunsi madzi alibe mpweya woti nsomba zipume. Makina adzamuonetsa kuya konseko molondola, koma sadzatseka mpata wa thabwa ngakhale umodzi. Foni nayo ndi yothandiza poitana anzako injini ikafa, malinga ngati ili ndi moto, yakulungidwa m'pulasitiki, ndipo netiweki ikufika. Pansi pa mapiri a ku Tcharo ndi kutali pakati pa nyanja sizichitika nthawi zonse. Tinaona kuti chida chamagetsi chofunika koposa zonse pa dokopo ndi wailesi wamba, imene imalengeza chenjezo la a zanyengo mphepo ya mwera ikamabwera.

Mwera umawomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Seputembala, ndipo umachokera kummwera nuyenda utali wonse wa nyanja, kotero kuti pofika ku gombe la boma lathu mafunde amakhala atakula. Amene anakulira ku nyanja amauona kumwamba ndi pa nkhope ya madzi usanafike. Mwana wa ku Nkhamanga amauzindikira utafika kale. Gombe lomweli liri ndi mbiri imene sitiyenera kuiiwala. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo ndiponso yatsopano, inamira pa namondwe pafupi ndi Chitimba, pamene pankatchedwa Florence Bay, ndipo anthu 145 anatayika. Mu Epulo 2017 boti limene linanyamula Akhristu ochokera ku mapemphero a Pasaka linatembenuzika pafupi ndi Mlowe, ndipo mabanja a m'boma lathu lomwe lino analira maliro. Pamene madzi anagonjetsa chitsulo chatsopano, thabwa lolowa kampeni lingayembekezere chiyani?

Pali chinthu china chimene tinazengereza kufunsa pamaso pa anthu, koma tinafunsa pobwerera ku malo ogona: ngati mnyamatayo amadziwa kusambira. Anaseka, nati amatha kuwoloka Rukuru m'chilimwe. Bambo wake sanaseke. M'botimo munalibe jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi, ngakhale kuti mtengo wa majekete a anthu onse ogwiramo sukanafika pa mtengo wa mabatire ndi sola. Anyamata amati jekete ndi ya alendo ndi amantha, ndipo amaopa kusekedwa. Ife tikuti mwini boti ndiye aike lamulo, kuti mnyamata akasekedwa athe kunena kuti ndi mawu a bambo. Ndipo makolo amene ana awo apita kukagwira ganyu m'maboti a eni ake ali ndi ufulu wonse wofunsa mafunso omwewa, ngakhale sanaikepo tambala.

Mnzathu uja anagona usiku umenewo osadya bwino. M'mawa anakambirana ndi mmisiri, nagwirizana kuti matabwa atatu a kumbuyo achoke pamodzi ndi lokolekapo injini, ndi kuti boti lisalowe m'madzi kufikira ntchitoyo itatha. Izi zinatanthauza kutaya mdima wonse wa mwezi umenewo pamene anzawo anali kupha usipa, ndipo mnyamata anadandaula kwambiri. Ndalama ya makina oonera nsomba inapita ku matabwa, phula ndi majekete. Anamupezeranso mkulu wina wa pa dokopo woti azilowa naye m'madzi chaka choyamba, ndipo mawu a mkuluyo pa za mphepo ndiwo akhale omaliza, ngakhale boti si lake.

Pamene tinkanyamuka kukwera Chiweta, tinasiya botilo litatembenuzidwa pa mitengo pansi pa mthunzi, mmisiri akuzula misomali yakale mmodzimmodzi, ndipo wophunzira wathu uja atagwada pambali pake ndi chitini chotoleramo.