Tisanamizire Swaumu: Chotilepheretsa Mayeso ndi Kawerengedwe Kathu



Chaka chilichonse Ramadhan ikagwera m'kati mwa semesita, m'mahositelo a ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda ndi ku Mzuzu mumamveka dandaulo limodzi: "Ndikanakhoza bwino, koma ndinali pa swaumu." Zotsatira zikatuluka, mwana n'kupezeka kuti akalembenso mayeso, makolo amalandira mawuwa ndi manja awiri chifukwa amachepetsa manyazi. Palibe amene amafunsa kuti mwanayo ankawerenga motani m'miyezi ina 11 ija. Ine dandaulo limeneli ndikulikana, ndipo ndikupempha kuti tonse tileke kulilandira. Ambiri mwa ana athu amalephera chifukwa cha kawerengedwe koipa kamene anali nako Ramadhan isanafike, ndipo swaumu imangovundukula zimene zinali zovundikiridwa. Chondipweteka kwambiri n'chakuti njira yabwino yophunzirira tili nayo kale m'madrasa athu, koma mwana akafika pageti la koleji amaivula ngati chovala chakumudzi.

Sindikunena kuti kusala n'kopepuka. Kuno kwathu munthu amakhala maola pafupifupi 13 kapena 14 osalawa madzi, ndipo ikakwana nthawi ya Asr mutu umalemera ndithu. Akatswiri awiri a ku Netherlands, Hessel Oosterbeek ndi Bas van der Klaauw, anasindikiza kafukufuku mu 2013 wokhudza ophunzira a payunivesite ina ku Amsterdam, ndipo anapeza kuti malikisi a ophunzira achisilamu ankatsikako pamene Ramadhan yagwera m'nthawi ya maphunziro. Choncho vuto lilipo, ndipo amene amalikana sathandiza ana. Koma vutoli silibwera ngati wakuba. Ramadhan imabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo wophunzira wa digiri ya zaka zinayi amadziwiratu kuti adzakumana nayo kanayi. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Munthu amene akudziwa kuti mphamvu zake zichepa kwa masiku 30 ndiye woyenera kuposa wina aliyense kusiya njira zowononga mphamvu pachabe.

Taonani mmene ambiri amawerengera. Semesita ikamayamba amasonkhanitsa manotsi, kuchita fotokope ya mnzawo, kudzaza foni ndi ma PDF, n'kuzisunga. Kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti mayeso ayambe, ndi pamene amathamangira ku laibulale. Amawerenga tsamba kuchokera pamwamba mpaka pansi, kulipaka utoto wachikasu, n'kuliwerenganso. Akafika kachitatu maso amakhala atalizolowera tsambalo, ndipo mtima umati, "Izi ndazidziwa." Apa ndi pamene pagona chinyengo. Kuzindikira mawu amene ali patsogolo pako n'kosiyana ndi kuwatulutsa m'mutu buku litatsekedwa, ndipo m'chipinda cha mayeso amafuna chachiwirichi. N'chifukwa chake mwana amatuluka akudandaula kuti funsolo analiwerenga dzulo lomwe koma linangomuthawa. Wosasala amabisa kufooka kwa njirayi ndi khofi ndi kuchezera usiku wonse. Wosala alibe pobisala, ndiye amaloza chala swaumu.

Zimenezi zinayezedwa kalekale. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zimene munthu waloweza zimatayika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kounjikidwa tsiku limodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zazifupi kuti awerenge. Kenako nkhani ina anaiwerenganso kachiwiri, pamene ina anaitseka n'kulemba zonse zimene akukumbukira. Patatha mphindi 5, kuwerenga kawiri kunaoneka kopambana. Patatha sabata imodzi zinthu zinatembenuka: pa mfundo 100 zilizonse, kudziyesa kunasunga pafupifupi 56, kuwerenganso kunasunga 42 zokha. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito. Zimene zinapezeka zothandiza kwambiri zinali ziwiri zokha, kudziyesa ndi kugawa kuwerenga pa nthawi yaitali. Kupaka utoto ndi kuwerenga mobwerezabwereza, zomwe ana athu amazidalira, zinaikidwa m'gulu la zothandiza pang'ono.

Tsopano, m'bale wanga, kumbukira madrasa imene unakulira. Kodi ustadh anayamba wakufunsapo kuti sura waiwerenga kangati? Ankakuuza kuti utseke Msahafu ndipo uwerenge pamtima. Ukaphonya ankakukonza pomwepo, n'kukubweza kuti ukabwerenso mawa. M'madrasa oloweza Qur'an tsiku la wophunzira limagawidwa patatu: gawo latsopano, gawo limene waloweza masiku apitawa, ndi gawo lakale limene limazungulira mosalekeza. Ena amazitchula kuti sabaq, sabqi ndi manzil, ena amangoti muraja'a. Palibe mwalimu wanzeru amene angalole mwana kuunjika juzu yonse usiku umodzi, chifukwa amadziwa kuti pofika Ijumaa idzakhala itauluka. Njira ziwiri zimene akatswiri aja anazipeza kuti n'zopambana ndi zomwezi zimene mwana wa zaka 10 amachita atakhala pamkeka ku Mangochi kapena ku Nkhotakota.

Ramadhan yeniyeniyo ndi sukulu ya kubwereza. Qur'an sinatsike tsiku limodzi. Inatsika pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 23, ndipo Surat Al-Furqan ikufotokoza kuti cholinga chake chinali kulimbitsa mtima wa Mtumiki Muhammad, swalla Allahu alaihi wasallam. Mu Sahih Al-Bukhari timapezamo kuti Jibril ankabwereza Qur'an ndi Mtumiki (SAW) Ramadhan iliyonse, ndipo m'chaka chomaliza cha moyo wake anabwereza kawiri. Mtumiki (SAW) anafanizira Qur'an yoloweza ndi ngamira zomangidwa, zimene zimakhala ngati mwini wake akuzisamalira koma zimathawa akazilekerera. Usiku uno pa Tarawehe tidzaima kumbuyo kwa hafidh amene akuwerenga popanda buku, ndipo pamzere woyamba padzakhala wina womukumbutsa akaphonya. Timaziona zimenezi usiku uliwonse wa mwezi uno, kenako timabwerera kuhositelo kukapaka tsamba utoto wachikasu. Kodi si zodabwitsa?

Ndikudziwa yankho limene ena apereke. Adzati ku madrasa n'koloweza chabe, pamene ku koleji amafuna kumvetsa. M'mawu amenewa muli choonadi, ndipo ifenso tili ndi mlandu wa ana ambiri amene amawerenga sura bwinobwino koma tanthauzo lake osalidziwa. Koma sindikunena kuti wophunzira wa zamalamulo aloweze buku ngati sura. Chimene ndikuti atenge ku madrasa ndi mwambo wake: tseka buku, tulutsa zimene zili m'mutu, lola kukonzedwa, bwereranso patapita masiku. Wa akaunti atenge funso la chaka chatha, alisove yankho litabisika. Wa unamwino afotokozere mnzake mmene magazi amayendera mumtima popanda kuyang'ana chithunzi, ndipo mnzakeyo amufunse kuti chifukwa chiyani. Wa zaulimi ajambule pamtima kayendedwe ka nayitirojeni m'nthaka. Munthu amene sangathe kufotokoza chinthu buku litatsekedwa sanachimvetse, ngakhale atalumbira. Kudziyesa ndi kumene kumaonetsa ngati kumvetsa kulipo.

Njirayi imawawa, ndipo n'chifukwa chake anthu amaithawa. Kuwerenganso kumakoma chifukwa sikukuuza kuti sukudziwa. Pepala lopanda kanthu limakuuza mosapsatira. Koma kuli bwino kuchita manyazi m'chipinda mwako mu sabata yachitatu kusiyana ndi kuchita manyazi pa bolodi ya zotsatira. Phunziro la lero ulitulutse pamtima lero lomwe kwa mphindi 10, ulibwerere pakatha masiku awiri kapena atatu, kenako pakatha sabata, kenako pakatha mwezi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri oti muzifunsana mafunso monga mmene ma hafidh amamvetserana, osati gulu la anthu 12 limene limathera pa nkhani za mpira.

Nanga tsiku la swaumu ligawidwe motani? Nthawi imene thupi lili ndi chakudya ndi madzi ndi ya pambuyo pa daku ndi Fajr. Maola awiri amenewo ndiwo chuma cha wophunzira wosala, ndipo phunziro lovuta kwambiri liikidwe pamenepo. Ambiri amawataya pobwerera m'bulangete, chifukwa usiku anagona 1 koloko. Ndipo chimene chinawagoneka mochedwa si Tarawehe, imene imatha usiku usanapite patali. Ndi WhatsApp, TikTok ndi mpira wa ku Ulaya. Tulo ndi pamene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana, choncho amene amadula tulo amadula zimene wawerenga. Tisanamizire ibada mlandu wa foni. Masana, pambuyo pa Dhuhr, kugona pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30 kumabweza mutu m'malo mwake. Pambuyo pa Asr, pamene ludzu lafika pakhosi, ndi nthawi ya ntchito zopepuka: kulongosola manotsi, kulemba mafunso a mawa, kufunsana ndi mnzako. Pofuturu usadye ngati ukulipsira, chifukwa mimba yodzaza kwambiri imatseka maso. Ndipo popeza tikudziwa kuti masiku 10 omaliza tidzafuna kuchezera pofunafuna Laylatul Qadr, katundu wolemera wa sukulu asenzedwe m'masiku 20 oyambirira.

Pali malangizo awiri oipa amene amazungulira pakati pathu. Oyamba ndi a amene amauza mwana kuti amasule swaumu chifukwa cha mayeso, adzabweza pambuyo. Surat Al-Baqarah ikutchula odwala ndi a paulendo kuti ndiwo ololedwa kubweza masiku ena, ndipo ma ulama ambiri amanena kuti mayeso paokha sali chifukwa chomasulira. Amene ali ndi matenda monga shuga kapena zilonda za m'mimba akaonane ndi dokotala komanso shehe wodziwa, asamvere za m'makonde. Achiwiri ndi a amene amati mwezi uno ndi wa ibada basi, mabuku adikire, dua idzakhozetsa. Awa amaoneka opembedza, koma akuiwala kuti Mtumiki (SAW) analangiza mwini ngamira kuti ayambe waimanga kenako atsamire kwa Allah. Dua ya munthu amene sanawerenge nthawi zambiri imathera pa likasa m'thumba, kapena pa asayimenti yokopera kwa mnzake ngakhale pa intaneti. Taganizani za munthu amene akukana dontho la madzi chifukwa Allah akumuona, koma akulowa ndi likasa ngati Allah sakumuona. Swaumu yotere yamuphunzitsa chiyani?

Makolo, nanunso mlanduwu ukukukhudzani. M'makomo ambiri mmene mwana amaphunzira akuchokera panyumba, mtsikana akangofika kuchokera ku kalasi amalowa kukhitchini. Amakazinga samusa ndi mandasi kuyambira Asr, amatsuka mbale pambuyo pa Isha, ndipo ndi iye yemwe amadzuka 3 koloko kukonza daku, pamene mchimwene wake ali gone kudikira kudzutsidwa. Akalephera timati mwina sukulu si ya atsikana. Kenako timadandaula kuti kuchipatala amayi athu akusowa dokotala wamkazi wachisilamu. Adzachokera kuti ngati tikumutsekera kukhitchini? Futari ya mitundu isanu si lamulo la chipembedzo. Chepetsani mapoto, gawanani ntchito, anyamata nawo atsuke mbale, pakuti Mtumiki (SAW) ankathandiza ntchito zapakhomo pake. Ndipo mukaimbira foni mwana amene ali kuhositelo, musamangofunsa ngati wafuturu. Mufunseni kuti lero wadziyesa pa phunziro liti.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa malikisi a mwana mmodzi. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo agogo athu ambiri anakana kutumizako ana poopa kuti akasiya Chisilamu. Anateteza chikhulupiriro, koma mtengo wake tikuulipirabe mpaka lero m'maofesi, m'makhoti ndi m'zipatala mmene Asilamu ndi ochepa. Mwana wachisilamu amene lero wapeza malo ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST wakhala pampando umene ambiri anaulakalaka osaupeza. Kumbuyo kwake kuli mbuzi zimene zinagulitsidwa, ngongole ya boma imene adzabweze, ndi azing'ono ake amene akuyang'ana kwa iye. Mpando umenewo ndi amana. Akawidedwa chifukwa cha kawerengedwe kosalongosoka n'kunena kuti ndi swaumu, walakwira banja lake, walakwiranso mwezi wolemekezekawu, chifukwa anzake a zipembedzo zina adzakhulupirira kuti Chisilamu ndi maphunziro siziyendera limodzi.

Choncho, wophunzira, mawa ukatha kuswali Fajr usabwerere kukagona. Tenga pepala loyera, tseka buku, ulembe zonse zimene ukukumbukira pa phunziro la dzulo, kenako utsegule uone pamene waphonya. Ustadh wako anakuphunzitsa zimenezi usanadziwe n'komwe kuti kuli yunivesite.

Tikupempha Allah kuti alandire swaumu yathu ndi swala zathu, awapatse ana athu maphunziro opindulitsa ndi mitima yokhulupirika, ndipo awalipire makolo amene akuvutika chifukwa cha iwo. Ameen.