Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zachuma, Malonda ndi Mafakitale ku Japan

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mlendo wokhala m'chigawo cha Kumamoto, koma msonkho ndimakhoma ngati mbadwa, choncho mundimvere.

Pa 24 Febuluwale 2024, potsegula fakitale ya ma semiconductor ya kampani ya TSMC ku Kikuyo, boma linali litalonjeza kale mayeni 476 biliyoni. Tsiku lomwelo unduna wanu unawonjezera 732 biliyoni za fakitale yachiwiri. Ma semiconductor ndi ofunika, sitikukana, pakuti foni ndi galimoto sizingagwire ntchito popanda tizipangizoti.

Chikundiwawa ndi yeni. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inkagulidwa ndi mayeni 115. Pofika Julayi 2024 inali pa 161, kugwa kwa yeni kumene sikunaonekepo chiyambire 1986. Kwa kampani yobwera ndi madola limeneli ndi phwando: malo atchipa, antchito atchipa. Nanga ife olandira mayeni? Kwa miyezi 26 yotsatizana, kuyambira Epulo 2022 mpaka Meyi 2024, malipiro ankatsalira kumbuyo kwa mitengo ya zinthu. Dziko lino limadzilimira 38 peresenti yokha ya chakudya chake, ndiye tirigu, mafuta ophikira, petulo ndi chakudya cha ng'ombe zonse zimakwera yeni ikangotsika. Dzalowani mugolosale madzulo, bwana, muone agogo opuma pantchito akuzungulira shelefu ya nsomba, kudikira mnyamata womata timapepala totsitsa mtengo. Anthu amenewa anagwira ntchito moyo wawo wonse. N'zamanyazi.

Mudzati yeni ndi nkhani ya Bank of Japan ndi Unduna wa Zandalama. Chonde musatiponyere kwina, boma ndi limodzi. Komanso yeni yofookayo ikudya ndalama zomwe mukuthira m'mafakitalemo. Makina a kampani ya ASML amene Rapidus, kampani inanso ya ma semiconductor yomwe mukuithira ndalama, yaika ku Chitose ndi ochokera ku Netherlands, ndipo sagulidwa ndi mayeni. Yeni ikagwa, mtengo wake umakwera, wolipira n'kukhala wokhoma msonkho yemwe uja.

Za misewu yothinana ku Kikuyo, minda ya karoti imene ikusanduka konkire, ndi madzi apansi amene mzinda wonse wa Kumamoto umamwa, mukuzidziwa kale.

Tulukani poyera, a Nduna. Tiuzeni ntchito zokhazikika zimene mayeni oposa 1.2 thililiyoni abweretsa kwa anthu akuno, ndiponso chimene mukuchitira mabanja amene malipiro awo akutha mwezi usanathe. Tatopa kudikira.

Ine wanu wodandaula,
Wokhala ku Kumamoto