Mwini nkhani ndi kamphira

Amene anadutsapo pa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga n'kuona anyamata akuwotcherera mageti akudziwa kuti m'komboni chinthu sichitayidwa chisanatsegulidwe m'mimba. Ndiye mnyamata wa kuno akagwira kamfuti kamasewera ka airsoft, asanakaombe n'komwe, maso ali kale pa timasikuluwu. Funso lake ndi limodzi: ndingakawonjezere bwanji mphamvu?

Ine ndimati funsolo ndi lolakwika.

Masewerawa anayambira ku Japan m'ma 1970, kumene malamulo salola munthu wamba kusunga pisitolo yeniyeni. Timfutiti timaponya timipira tapulasitiki ta mamilimita 6. Mtundu wa gas blowback umasunga gasi m'magazini momwemo. Ukawomba, gasi uja amakankha kampira kutsogolo, kenako n'kubweza slide, chivundikiro chapamwamba chija, kuti kampira kena kalowe. Gasi amene amamutcha green gas ndi propane wosakaniza ndi mafuta pang'ono a silicone, basi.

Apa m'pamene nyengo yathu imalowerera. Propane akatenthedwa amakwiya: kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 40, mphamvu yake imakwera kuposa theka. Timfuti ta kampani ya Tokyo Marui tili ndi slide yapulasitiki, yopangidwira gasi wofatsa wa HFC-134a. Mudzazemo gasi waukali masana a Okutobala, kamfuti katagona m'nyumba ya malata ku Mtendere, muone ngati slide siing'aluka. M'mawa wa Juni nkhani imatembenuka. Gasi amafooka, slide imabwerera mwaulesi, ndipo mukaomba mothamanga magazini imazizira m'manja mwanu mpaka kutsokomola utsi woyera. Ambiri apa amathamangira kugula slide yachitsulo. Yolimba, inde, koma yolemera, ndipo kulemera kumeneko kumadya gasi yemwe uja mumadandaula kuti sakukwana.

Chimene chimapha timfutiti kawirikawiri n'chaching'ono mochititsa manyazi: kamphira kozungulira kotseka mpweya pa valavu ya magazini. Kakauma, mumamva kamluzu, tsiii, ndipo ndalama zanu zikuuluka mukuona. Mdala wokonza pampu ya njinga amaudziwa bwino matendawa. Mankhwala ake ndi dontho la mafuta a silicone ndi kusiya gasi pang'ono m'magazini poisunga, kuti mphira zikhale zothinana. Mafuta a injini, amene kwathu kuno timathira pa chilichonse cholira, amatupitsa mphira n'kuiwononga. Musayerekeze.

Kuti kampira kapite patali, sikuti mpaka mphamvu ichuluke. Pakhomo pa mpope pali kamphira kena, hop-up, kamene kamakhudza kampira pamwamba kuti kazipita kakuzungulira chammbuyo, n'chifukwa chake sikagwa msanga. Kusintha kamphira kameneka n'kusiya timipira ta magalamu 0.20 kutenga ta 0.25 kumathandiza kuposa zitsulo zodula. Mpope wothina wa mamilimita 6.03 ndi wabwino, koma fumbi la ku Kanyama mu Seputembala silisewera. Wosaupukuta adzaona timipira tikukakamira. Ku Japan komweko lamulo linaika malire a mphamvu ya kamfuti pa majulo 0.98, ndipo osewera akulasabe bwinobwino. Magalasi oteteza maso okha ndiwo osanyengerera, chifukwa diso alibe sipeya pa Soweto Market.

Pali kusintha kumodzi kumene ndimakana ndi mtima wonse: kupanga kamfuti kuti kafanane kotheratu ndi mfuti yeniyeni. Mu Novembala 2014 ku Cleveland, ku America, wapolisi anawombera Tamir Rice, mwana wa zaka 12, ali ndi kamfuti ka airsoft kopanda chizindikiro chake cha olenji kukamwa. Ku Chawama kapena ku George, anthu akakuwa kuti "kawalala!" palibe amene amayamba wafunsa ngati chili m'manjacho n'chapulasitiki. Kamfuti kayende m'chikwama, katuluke pabwalo lotchingidwa pomwe aliyense akudziwa kuti ndi masewera, ndipo utoto wa olenji uja musaupale.