Miyezi Itatu Si Mbiri

Mlamu wanga anafika kunyumba kwathu ku Kuku Loweruka lina madzulo, foni ili m'manja ngati wanyamula dzira. Inali nthawi ija anthu anali kutapako ndalama zawo ku NAPSA, lamulo litasintha mu April 2023 kulola munthu kutengako 20 peresenti asanapume pantchito. Iyenso anali atatenga zake.

"Alamu, inu munapita ku yunivesite. Tandionerani ichi."

Pa foni panali mzere wobiriwira, wokwera ngati msewu wa m'mapiri a Munali. Unali mtengo wa masheya a kampani ina. Anautumiza ndi mnyamata wa suti pa gulu la WhatsApp, amene amalipiritsa anthu kuti awaphunzitse kulemera, kenako n'kuwauza kuti atumize ndalama pa nambala yake, iye akawagulire masheyawo. Ndinafunsa funso limodzi lokha: mzerewu ukuyambira liti? Tinakulitsa chithunzi ndi zala. Unali kuyambira miyezi itatu yapitayo.

Mkwiyo umene ndinali nawo usiku umenewo sunathe, n'chifukwa chake ndikulemba. Mnyamata wa suti uja ndi wakuba wamba, ndipo akuba sadzatha mu Lusaka. Amene ndikulimbana nawo ndi ife ophunzira, makamaka ife aphunzitsi. Mbiri ya mitengo ya masheya si chinsinsi. Msika wa masheya wa Lusaka, LuSE, unatsegulidwa mu February 1994, ndipo umalengeza mitengo tsiku lililonse la malonda. Zaka zoposa 30 za manambala zili poyera. Koma munthu wamkulu, wa ana atatu, wogwira ntchito moona mtima, amatha sukulu osadziwa kuti chithunzi chotere chili ndi poyambira, ndipo amene wasankha poyambirapo ndiye wasankhanso nkhani imene mzerewo uti unene.

Tengani kampani imene aliyense mu komboni muno amaidziwa ndi msana wake: Chilanga Cement. Ili pa msewu wa Kafue pomwepa, inayamba mu 1949, ndipo simenti yake inamanga nawo damu la Kariba. Ndiyo kampani yoyamba kulembedwa pa LuSE, mu 1995. Pambuyo pake inagulidwa ndi kampani ya ku France n'kutenga dzina la Lafarge. Cha m'ma 2014, Lusaka yense akumanga, sheya yake inali pamwamba. Munthu akanakudulirani mzere wa zaka ziwiri zofika m'chaka chimenecho, mukanagulitsa ndi mbuzi zakumudzi kuti mugule. Mu 2015 Dangote anatsegula fakitale yake ya simenti ku Masaiti, kufupi ndi Ndola. Mtengo wa thumba unatsika, oumba mabuloko anasangalala, koma phindu la kampani ya ku Chilanga linafota. Pofika 2020 sheya imodzi sinali kufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wake wa 2014. Akanakuonetsani mzere wa zaka zimenezo zokha, mukanati kampani yafa. Mu 2021 kampani ya ku China, Huaxin, inagula 75 peresenti ya masheyawo, mtengo unadumphanso, ndipo kenako dzina lakale la Chilanga linabwerera.

Kampani imodzi, fumbi limodzi. Koma ndingakudulireni zithunzi zitatu zosiyana, chilichonse choona, chilichonse chokunamizani. Mzere wonse ukaikidwa pamodzi ndi pamene umayamba kulankhula zanzeru, ndipo zimene umanena si "gulani" kapena "gulitsani". Umakufunsani kuti: chinachitika n'chiyani chaka ichi? Yankho silipezeka mu mzere. Lili ku Masaiti, lili mu mtengo wa thumba pa hadiweya ya ku Chawama, lili mu lipoti la pachaka la kampaniyo limene aliyense angathe kuwerenga.

Palinso msampha wa kwacha yeniyeniyo. Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, K1,000 inasanduka K1. Mukapeza mtengo wa sheya wa 2011 mu nyuzipepala yakale n'kuuyerekeza ndi wa lero osagawa ndi 1,000, mudzalira maliro a munthu amene sanafe. Umenewo ndi msampha waung'ono, mwana wa Giredi 8 angaudumphe. Waukulu ndi uwu: K10 ya 2013 si K10 ya lero. Chaka chimenecho dola imodzi inali kusinthidwa ndi ndalama yopitirira pang'ono K5. Mu 2024 inadutsa K25. Thumba la unga wa bulekifasi la 25kg limene amayi anga ankagula pansi pa K100 nthawi imeneyo, mu 2024 tinali kuligula pamwamba pa K300. Tsono sheya imene mtengo wake unawirikiza kawiri pa zaka zimenezo imaoneka bwino pa foni, mzere wobiriwira wokongola, koma mwini wake akaigulitsa amabwera kunyumba ndi unga wochepa kuposa umene akanagula tsiku loyamba. Ine ndimakonda kuyeza zonse ndi matumba a unga. Anzanga a ku banki amaseka, koma sanandionetsepo muyeso wina umene agogo a pa msika angaumve msanga kuposa umenewu.

Ndinene chilungamo, mzere umabisanso zabwino. Suonetsa dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya. Sheya ingakhale duu pa mtengo umodzi zaka zingapo koma ikulipira mwini wake chaka ndi chaka, ngati nyumba ya lendi imene sinakwere mtengo koma alendi salephera kulipira. Ndipo pa msika waung'ono ngati wathu, mzere wowongoka nthawi zina umangotanthauza kuti palibe amene anagula kapena kugulitsa. Mtengo wolembedwawo ndi wa malonda omaliza, mwina a sabata yatha. Tsiku limene mwana wadwala ndipo mukufuna ndalama, wogula pa mtengo umenewo angasowe.

Ndikanena zimenezi mu chipinda cha aphunzitsi, yankho ndimalidziwa kale. "Ba Ticha, za masheya n'za apamwamba a ku Kabulonga. Ana athu akusowa nsapato." Yankho limeneli limamveka lachifundo, koma ndi chipongwe chovala malaya a chifundo. Anthu a ku Kuku alibe ndalama zambiri, zoona, koma musandiuze kuti sadziwa za ndalama. Amayi a chilimba amasunga m'mutu ndani wapereka, ndani wadumpha, kwa chaka chonse osalakwitsa ngwee. Magulu a banki ya m'mudzi amawerenga chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi m'kabuku kakang'ono. Wa kaloba amadziwa peresenti kuposa wophunzira wanga aliyense. Anyamata amakhala pa kantemba tsiku lonse maso ali pa kandeke ka pa foni, kuyang'ana manambala a maulendo apitawo, kufuna kupeza njira pamene palibe njira. Njala yowerenga manambala ilipo. Ife ndife tinawapatsa chakudya cholakwika, kapena sitinawapatse chilichonse, ndipo mnyamata wa suti anapeza mbale ili yopanda kanthu.

Komanso si zoona kuti msikawu suwakhudza. Aliyense amene amadulidwa ndalama za NAPSA ali kale mu masheya, afune asafune, chifukwa NAPSA imaika gawo la ndalamazo m'makampani a pa LuSE. Mu ZCCM-IH mokha ili ndi 15 peresenti. Mlonda wa pa geti, namwino, kondakitala wolembedwa ntchito, onsewa penshoni yawo imakwera ndi kutsika ndi mizere imene sanaphunzitsidwe kuwerenga.

Nanga m'kalasi timachita chiyani? Timalemba pa bolodi za munthu wongopeka amene anaika K5,000 mu banki yongopeka pa chiwongoladzanja chimene sichisintha mpaka Yesu adzabwere. Mwana amapeza yankho, timachonga, mayeso amakhoza. Dziko limenelo kulibe. Kumeneko kwacha sigwa, Dangote samanga fakitale, boma sililephera kubweza ngongole monga linachitira mu November 2020. Ndipo zonsezi timaziphunzitsa m'Chingerezi cholimba, ngati kuti Chinyanja chingathe kunyamula maliro, ukwati ndi milandu ya malo koma chingathyoke msana chikanyamula mawu oti "mtengo unali wotani zaka khumi zapitazo".

Sindikunena kuti mbiri ya mitengo ndi ula. Amene anawerenga mzere wa Chilanga bwino lomwe mu 2020 sakanadziwa kuti Huaxin ikubwera. Mbiri siuza munthu za mawa. Imene imachita ndi kumupatsa mafunso oti afunse wogulitsa: ndionetseni zaka khumi, osati miyezi itatu, mwachotsapo kukwera kwa mitengo ya zinthu, dividendi analipira zaka zingati, kodi dzina lanu lili pa mndandanda wa ovomerezeka ndi Securities and Exchange Commission? Masheya a pa LuSE amagulidwa kudzera mwa bulokala wa laisensi, ndipo amalembedwa m'dzina la wogula. Sagulidwa potumiza ndalama pa nambala ya munthu.

Mlamu wanga anandimvera theka. Zambiri anagulira malata, koma zina anali atatumiza kale asanabwere kwa ine, anangochita manyazi kunena. Gulu la WhatsApp lija linatsekedwa mvula isanayambe.

Temu yatha ndinasindikiza mitengo ya Chilanga ya kumapeto kwa chaka chilichonse, ndi ndalama zanga, n'kuigawira ana a Giredi 11. Ndinawagawa m'magulu atatu, gulu lililonse zaka zake, osawauza kuti kampani ndi imodzi. Gulu loyamba linati tigule, lachiwiri linati tithawe, lachitatu linati tachedwa. Titalumikiza mapepala pa bolodi, kalasi inakhala chete, kenako mtsikana wina wa kumbuyo, amene amayi ake amagulitsa makala, anakweza dzanja n'kufunsa ngati angatenge pepalalo kunyumba. Mutu umenewu suli pa mayeso, ndipo akulu anga a pasukulu anandikumbutsa zimenezo Lolemba lotsatira.