Marquez amavala zodzitetezera, nanga wakabaza wa ku Mphunzi?

Inu amene mumaonera mipikisano ya liwiro pafoni mukudziwa kuti madalaivala a Formula 1 ndi okwera njinga zamoto a MotoGP ndi anthu osiyana mtima, ngakhale onse amapitirira makilomita 300 pa ola.

Wagalimoto ndi munthu wowerengera. Lewis Hamilton, yemwe adakhalapo katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri, amakhala atamangidwa malamba, pamwamba pa mutu pali chitsulo chomuteteza, ndipo mpikisano wonse amakambirana ndi mainjiniya pawailesi za matayala ndi nthawi yowasintha. Mu 2020 ku Bahrain galimoto ya Romain Grosjean idaduka pakati n'kuyaka moto, koma mwiniwake adatulukamo atangopsa manja.

Wanjinga alibe pobisala. Pokhota amapendekeka mpaka bondo kukhudza phula, ndipo akagwa, chokhulika pansi ndi thupi lake. N'chifukwa chake anthu a njinga amadziwika ndi kuuma mtima. Marc Marquez adathyoka mkono ku Jerez mu 2020, koma patangotha masiku ochepa adakweranso njinga. Phuma limenelo lidamupweteka: mkonowo adauchita opaleshoni kanayi, ndipo ukatswiri adadzaulawanso mu 2025.

Kusiyana komweku ndimakuona kuno ku Dedza. Wa Sienta kapena minibasi pamsewu wa M1 wazunguliridwa ndi chitsulo, mutu wake uli pa mafuta ndi ndalama ya bwana. Wakabaza ndiye amasiya tala n'kulowa m'fumbi ndi m'zigwembe za kumunsi kwa phiri la Mphunzi, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere, mayi wa mwana kumsana kapena wodwala wothamangira naye kuchipatala. Dzinja likafika, matope ali tho, amene amatifikitsa kumudzi ndi iyeyo. Ulemu wake timupatse.

Chondidandaulitsa n'chakuti achinyamata anzanga ambiri atengera kulimba mtima kwa Marquez n'kusiya zina zonse. Marquez sakwera njinga popanda helimeti, magolovesi, nsapato zazitali ndi chovala chachikopa chomwe chimafufuma ndi mpweya akamagwa. Chovala chotere ndi lamulo mu MotoGP kuyambira 2018. Pamsewu wake sipadutsa mbuzi, ngolo kapena ana asukulu, ndipo madokotala amakhala pompo. Chachikulu, sanyamula munthu. Moyo umene amauika pachiswe ndi wake yekha.

Kwathu kuno, amwene, munthu ali m'patapata, helimeti yapachikidwa pahandulo, kumbuyo wakweza atatu, akutsetsereka ngati akulimbirana chikho. Akagwa, ulendo ndi wa chipatala cha Dedza, mwinanso mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, njinga ili ya eni, kunyumba ana akudikira ufa.

Akabaza, tengeraniko khalidwe la wagalimoto uja: werengerani. Onani mabuleki ndi matayala m'mawa uliwonse, valani helimeti n'kumanga lamba wake, wokwera akhale mmodzi. Ife okwera tileke kunena kuti "thamangako, ndachedwa", ndipo woyendetsa akamanunkha kachasu, titsike basi. Nanu a Sienta ndi minibasi, musapanikize njinga m'mphepete mwa msewu. Mukagundana, kwa inu kumapindika chitsulo, kwa mnzanuyo kumathyoka mwendo.

Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Pakabaza palibe chikho, malipiro ake n'kubwerera kunyumba madzulo uli wamphumphu.